Nambala zimene a Choko anaiwala

Ndinayamba kuwamva ndisanawaone. Linali tsiku langa loyamba pa ntchito, m'kaofesi kosindikiza mapepala kamene kanali pamwamba pa sitolo ya nsapato. Ndikukwera masitepe ndinamva phokoso ngati matalala akugwa pa malata, chonsecho kunja dzuwa linali likuswa mtengo. Nditakankha chitseko ndinapeza mayi wochepa thupi atakhala tsonga pa mpando wopanda chotsamira, zala zikuthamanga pa taipi yakuda. Sanatembenuke n'komwe.

"Ndinu wopukusa watsopano?" anafunsa, maso ali pa pepala.

"Eya, mayi."

"Manja anuwo muwatsanzikiretu. Simudzawaonanso oyera."

Sananame. Masiku amenewo munthu akafuna mapepala ambiri ofanana, mawu ake ankayamba ataipidwa pa sitensulo, pepala lofewa ngati laphula limene zilembo za taipi zinkaboola. Ntchito yanga inali kukoleka sitensuloyo pa makina, kuthira inki, ndi kupukusa chogwirira mpaka mapepala atakwana. Sabata isanathe ndinali nditasanduka a Inki. Mayiwo anzathu ankawatchula kuti a Matalala, ndipo ankavomera. Patapita zaka ziwiri ndinakwatira mng'ono wawo, choncho kuyambira pamenepo tinkangoitanana kuti mlamu, m'ofesi ndi kunyumba komwe.

Mlamu wangayo anali wamasiye, ali ndi ana atatu, ndipo taipi ija ndiyo inkawalera anawo. Sukulu anaisiyira ku pulayimale. Koma maso awo anali akuthwa, ndipo chimene ankanyadira nacho kuposa liwiro la zala n'chakuti cholakwika sichinkawadutsa. Munthu akabweretsa kalata atadumpha chilembo, iwo ankachibwezera mwakachetechete. Wina akalemba tsiku lolakwika, ankalikonza. Eni makalata ankachoka akudziyesa odziwa kulemba. Abwana, mwini ofesiyo, ankawayamikira pamaso pa makasitomala: "Kuno sititaipa chabe, timachapa ndi kusita."

Chaka china sukulu yasekondale ya kumtunda kwa msewu wathu inayamba kutipatsa ntchito yosindikiza mayeso. Inali ntchito yaikulu kuposa zonse zimene tinali nazo. Pepala la masamu linabwera ndi mphunzitsi wamtali, woonda, thalauza lake lili mbuu ndi fumbi la choko. Asanatsike masitepe tinali titawapatsa kale dzina la a Choko.

Pano ndiyenera kufotokoza kanthu kamodzi. Taipi ya mlamu inalibe chizindikiro chochulukitsira. Kwa zaka zonse akamataipa masamu a ana a pulayimale, ankagwiritsa ntchito chilembo cha x. Kwa iwo, x pakati pa manambala anali ndi tanthauzo limodzi basi: chulukitsa.

"Mlamu, tabwerani mudzaone zodabwitsa," anandiitana m'mawa umenewo. "Aphunzitsi athunthu, tayi ali pakhosi, kuiwala manambala chonchi?"

Ndinapukuta manja n'kusuzumira. Pa pepalapo panali polembedwa ndi dzanja kuti 3x + 2 = 11.

"Mwaona? Zitatu kuchulukitsa ndi... palibe kanthu. Angodumpha, n'kupita pa kuphatikiza. Ndipo si pamodzi pokha. Pepala lonse lili ndi mipata ngati m'kamwa mwa nkhalamba."

Ine sukulu ndinaithawa kale kuposa iwo, ndiye ndinangoti, "Mwina anali pa changu."

"Changu chake chomwecho. Tiwathandize, angachite manyazi pamaso pa ana."

Anatseka maso, milomo ikugwedera, kenaka anati, "Ndi 3 ameneyu." Nataipa: 3 x 3 + 2 = 11. Anachita chimodzimodzi ndi mafunso onse khumi. La chisanu ndi chinayi linawadyera nthawi yonse ya tiyi, chifukwa linali ndi mipata iwiri, wina kumanzere wina kumanja, koma nalonso analitseka. Ine ndinapukusa mapepala zana limodzi ndi makumi awiri, tinawamata mu envelopu, ndipo envelopuyo inakatsegulidwa m'chipinda cha mayeso, ana atakhala kale pa madesiki.

Lolemba cha m'ma teni koloko tinamva munthu akukwera masitepe awiriawiri. A Choko analowa ali wefuwefu, pepala lili m'manja.

"Wataipa ichi ndani?"

"Ndine, bambo," anayankha mlamu modekha. "Mwapezamo cholakwika?"

"Cholakwika? Bola chikanakhala cholakwika, mayi! Mwawayankhira ana mayeso! Ana zana ndi makumi awiri akhala akundiyang'ana, wina mpaka kukweza dzanja kufunsa kuti, aphunzitsi, ndiye ife tichitepo chiyani? Mafunso asanu ndi anayi mwakhoza. Mwalakwa limodzi. Ndikupatseni mphotho?"

Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke, koma nditaona nkhope ya abwana kuseka kunandithera. A Choko ananena kuti akauza akuluakulu a sukulu kuti ntchito yonse ipite kwina. Abwana anapepesa mpaka thukuta. Potsiriza anagwirizana kuti a Choko adzabweretsa pepala limodzi lokha kumapeto kwa teremu, kutiyesa. Pomwepo abwana anatembenukira kwa mlamu.

"Mayi, kuyambira lero muzitaipa zimene mwaona, osati zimene mwaganiza. Pepala likubweralo likadzangolakwika pena pake, mpandowo mudzausiya. Ku koleji ya zautaipi kuli atsikana a masatifiketi amene akufuna ntchito."

A Choko atagwira chitseko, mlamu anaimirira.

"Pepani bambo, musanapite. Mwati limodzi ndalakwa. Ndalakwa pati? Kumanzere 4 kuchulukitsa ndi 3 kuchotsa 2, ndi khumi. Kumanja 2 kuchulukitsa ndi 2 kuphatikiza 6, ndi khuminso. Zikufanana."

A Choko anaima. Ukali unali ukadalipo, koma uphunzitsi unawagwira mwendo. Anabwerera, natenga pensulo pa tebulo la mlamu, nalemba funsolo mmene linalili poyamba: 4x − 2 = 2x + 6.

"Mayi, ichi si chochulukitsira. Ndi dzina. Pali nambala imene sitikuidziwa, ndiye taipatsa dzina loyembekezera. Mukaiwala dzina la munthu mumati chiyani?"

"Timati uje."

"Basi. Ameneyu ndi uje. Masamu ake amatchedwa aljebra. Tsono uje wa kumanzereyu ndi uje wa kumanjayu ndi munthu mmodzi. Inu mwaika anthu awiri pa dzina limodzi."

Mlamu anayang'ana pepalalo nthawi yaitali. Milomo inayambanso kugwedera.

"Ndiye kuti ndi 4," anatero.

A Choko anawayang'ana, nayang'ana pepala, natuluka. Lachinayi lake anabweranso n'kusiya pa tebulo buku lakale, lopanda chikuto, masamba oyambirira atathothoka. Anati akungowabwereketsa kwa sabata imodzi.

Kuyambira pamenepo nthawi ya nkhomaliro inasintha. Ife tikamatsika kukakhala pa khonde la sitolo ya nsapato, mlamu ankatsala m'mwamba ndi kapu ya tiyi, chidutswa cha buledi ndi buku lija. Ankalembera kuseri kwa mapepala amene ine ndawononga popukusa, ndipo poti ndinkawononga ambiri, sanasowe polemba.

"Mlamu, auje akupeza bwanji lero?" ndinkawafunsa ndikabwerako.

"Abisala kuseri kwa mpanda. Koma ndawaona mapazi."

Mpanda anali mabulaketi, timizere tokhota totsekera manambala. Chilichonse anachipatsa dzina lake. Chilembo cha y chitatulukira, anati ndi ujeni, msuweni wake wa uje. Kanambala kakang'ono kokhala pamwamba pa chilembo ankakatcha kamwana kapaphewa, ndipo anapeza okha njira yokataipira: kubweza mpukutu wa taipi theka la mzere ndi dzanja lamanzere, kumenya nambala, n'kubwezeretsa. Chizindikiro chochulukitsira anasiya kuchitaipa ndi x. Ankasiya kampata n'kuchijambula pa sitensulo ndi kachitsulo kosongoka.

Sikuti zonse zinkayenda. Panali sabata ina imene anakhala akukangana ndi buku pa nkhani yosamutsa nambala kuchokera mbali ina kupita mbali inzake. "Chifukwa chiyani ikawoloka isinthe khalidwe? Kuno imaphatikiza, uko ikuchotsa. Nambala yachinyengo!" Tsiku lina anaponya pensulo pansi, nati mutu wa munthu wa ana atatu si wa zimenezi. Koma Lachinayi lililonse a Choko ankakwera masitepe, ati kudzatenga buku lawo. Ankakhala mphindi makumi awiri ataimirira pambali pa taipi, chipewa chili m'khwapa, n'kutsika buku atalisiya. Ndi iwo amene anawauza kuti palibe chimene chimawoloka: zimene wachita kumanzere uchitenso kumanja, basi. Mlamu anati, "Mukanangonena choncho poyamba. Ndi mmene ndimagawira ana buledi."

Pepala la kumapeto kwa teremu linabwera Lachiwiri m'mawa, abwana atapita kukagula mapepala. Mlamu analiyala pa tebulo. Asanakhudze taipi anayamba kuyankha funso lililonse kuseri kwa mapepala anga, osati kuti alembemo mayankho, koma kuti adziwe chimene akutaipa. Loyamba, lachiwiri, lachitatu. Pa lachinayi pensulo inaima.

"Mlamu, bwerani."

Panali polembedwa kuti 2x + 10 = 4.

"Apa ndiye alakwitsadi. Utenge uje kawiri, uwonjezere khumi, upeze zinayi? Khumi lokhalo lapitirira kale zinayi. Amafuna kulemba 14, dzanja linaterereka."

"Taipani zimene mwaona," ndinatero. "Munawamva abwana."

"Ndikataipa chonchi, ana zana akhala pansi kufunafuna munthu woti kulibe. Ndipo a Choko adzati ndani wadya 1 wanga."

"Nanga mukasintha, n'kupezeka kuti si zimenezo?"

"Ndiye kuti mpando wapita."

Anaika manja pa maondo. Sindinawaonepo manja amenewo atangokhala nthawi ya ntchito. Kenaka anavundikira taipi ndi nsalu yake, napinda pepalalo, natenga ambulera.

"Abwana akabwera ndiwauze chiyani?"

"Muwauze zoona. Kunama simumatha."

Anabwerako patapita ola, a Choko ali pambuyo. Abwana anali atafika kale, atakhala pa tebulo lawo, nkhope ili ndwii. Nditangoona mmene mlamu analowera, mapewa atagwa, ndinadziwa kuti zavuta.

"Funsolo ndi lolondola," anatero a Choko. "Yankho lake ndi zitatu za pansi pa ziro. Ndayesa kufotokoza ku sukulu, mayiwa akukana. Ati nditsimikize."

"Sindikukana, bambo," anatero mlamu motsitsa mawu. "Koma pansi pa ziro pali chiyani? Ziro ndiye pothera. M'buku mwanu mulibe zimenezi."

"Zinali m'masamba anathothokawo."

A Choko anayang'ana uku ndi uku, ngati munthu wofuna chogwira. Maso awo anagwera pa taipi. Anachotsa nsalu ija.

"Takhalani pansi, mayi. Mzere wanu umayambira pati?"

"Apa, pa malire a kumanzere."

"Pamenepo tipatche ziro. Mungathe kupita kumanzere kwa malirewo?"

Mlamu anawayang'ana ngati afunsidwa ngati amadziwa dzina lawo. Anadina kabatani ka pakona kamene kamamasula malire. Ankakagwiritsa ntchito tsiku lililonse poika manambala a mafunso kunja kwa mzere.

"Bwererani katatu."

Ke, ke, ke.

"Pamene mulipo ndi pa uje. Funso likuti uje kawiri. Bwereraninso katatu."

Ke, ke, ke.

"Tsopano pitani kutsogolo kakhumi."

Mlamu anamenya batani lalitali lodumphira, akuwerenga chapansipansi. Ngakhale abwana anali atatukula khosi. Atafika pa khumi anawerama n'kuyang'ana pa kachitsulo ka manambala kosonyeza pamene mzere wafika, nawerenga kuchokera pa malire paja.

"Zinayi," anatero. "Zaka zonsezi ndimapitako tsiku ndi tsiku, osadziwa kuti kumakhala anthu."

Apa abwana anaimirira. "Ndiye kuti mwachoka pa ntchito popanda chilolezo, mwakavutitsa kasitomala kuntchito kwake, ndipo funsolo linali bwinobwino. Ndinanena chiyani ine?"

"Munanena kuti pepala likalakwika," anayankha a Choko. "Silinalakwike, silinataipidwe n'komwe. Bwana, ndaphunzitsa zaka khumi ndi zisanu. Mapepala anga ataipidwa ndi anthu ambiri, ena a masatifiketi awiriawiri. Chaka chatha lina linatuluka chizindikiro chimodzi chitasowa, palibe anachiona mpaka ana atalira. Sindinaonepo wotaipa atayenda pa dzuwa kudzandifunsa za funso lachinayi. Mapepala anga azitaipa mayi awa. Tsiku ndidzapeze wina pa mpandopo, ndidzatsika nawo mapepalawo."

Abwana anakanda kumutu, nati tiyi wazizira, wina ateleke madzi. Mlamu analowetsa sitensulo mu taipi, ndipo matalala anayambanso kugwa.

Mpandowo anakhalapo zaka zina makumi awiri ndi zitatu. Buku lopanda chikuto litatha, a Choko anabweretsa lina, kenaka lina. Mlamu ankakwera makalasi pamodzi ndi mapepala amene ankataipa. Anaphunzira kupeza uje ndi ujeni nthawi imodzi. Anaphunzira mafunso a mayankho awiri, amene poyamba ankati ndi mafunso opanda chilungamo. Mbiri itamveka, aphunzitsi a ku koleji ya zomangamanga anayamba kubweretsa mapepala awo, odzaza ndi zilembo zimene taipi inalibe, ndipo mlamu ankazijambula ndi kachitsulo kaja mosamala ngati akupeta nsalu. Sankamvetsa zonse, ndipo sankanamizira. Ankangolemba kachizindikiro ka pensulo pambali, mwiniwake akabwera n'kumufunsa. Nthawi zina wolakwa ankakhala iwo, nthawi zina mwini pepala. Ena ankakwiya, ambiri ankabweranso.

Aljebrayo inalowanso m'ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku. Kale akafuna kutaipa tebulo la mizere yambiri yotsika, ankayesa kawiri katatu pa pepala wamba kuti mipata ifanane. Tsopano ankangowerenga zilembo, kulemba kamzere kamodzi ka uje, n'kudziwiratu kuti mpata uliwonse ukhala wotani. Kamzereko anakamata pa khoma, ndipo atsikana amene anabwera pambuyo pake ankakatsatira osadziwa kuti kanachokera kuti.

A Choko anawakakamiza kangapo kuti alembe mayeso apeze satifiketi. Iwo ankaseka. "Bambo, mayesowo ndimawaona asanabadwe. Angandilole ndani?"

Makompyuta atabwera, makina anga opukusa anakankhidwira pakona n'kusanduka poika makapu. Mlamu anaphunzira kompyuta, koma zala zozolowera chitsulo zinkamenya mwamphamvu, moti anathyola mabatani awiri mwezi umodzi. Mwana wamkazi wa abwana, amene anatenga ofesi bambo ake atamwalira, anawapatsa ntchito ina: kuwerenga pepala lililonse la masamu lisanasindikizidwe. Ngakhale atapuma pa ntchito, mapepalawo ankawatsatira kunyumba, ndipo wowanyamula ndinali ine, poti nanenso ndinali nditapuma ndipo miyendo inali ikadalimba.

Zaka zawo zomaliza ankakhala kwa mwana wawo woyamba, m'kachipinda ka kuseri koyang'ana pa chingwe choyanika zovala. A Choko anali atatisiya. Mkazi wanga, mng'ono wawo uja, nayenso anali atatisiya. Maso a mlamu anachita ng'ala, choncho ine ndinkawawerengera mokweza, iwo atatsamira pilo, akumvetsera maso ali kudenga. Ine amene sindinaphunzire aljebra ndinafika podziwa kuitchula yonse, ngati munthu woimba nyimbo ya chilankhulo chimene sakumva.

Koma panali chinthu chimene ndinkabisa. Ofesi inali itasiya kudikira mlamu. Ntchito inkafunika msanga, ndipo iwo pepala limodzi linkawatengera masiku atatu. Mwana wa abwana, posafuna kuwakhumudwitsa, ankandipatsabe mapepala, koma anali oti ana alemba kale. Powerenga ndinkadumpha mzere wa pamwamba pamene pamakhala tsiku.

Masana ena, titafika pakati pa pepala, mphepo inalowa pa windo n'kumwaza masamba. Ndinawatola, ndipo pofuna kutsimikiza kuti ndayambira poyenera, ndinawerenga tsamba loyamba kuyambira pamwamba, tsiku lomwe. Ndinazindikira mawu atatuluka kale.

Mlamu sanagwedezeke.

"Mwati Lachitatu, pa 12?"

"Ndatero kodi?"

"Wailesi m'mawa uno yati lero ndi pa 20."

Kunja mwana wawo ankakung'untha bulangete pa chingwe.

"Zinayamba liti?" anafunsa.

"Chaka chatha, mlamu. Nyengo yozizira."

"Ndiye zolakwika zimene ndakhala ndikupezazi?"

"Ndimakawauza. Amazilemba."

"Ana atalemba kale."

"Eya."

Anatembenuzira nkhope ku khoma. Ndinaganiza kuti andiuza ndinyamule mapepala anga ndizipita, ndipo ndinayamba kuwasonkhanitsa mwakachetechete. Ndinali nditaika kale chipewa pa bondo pamene anayankhula, nkhope ikadali kukhoma.

"Mukupita kuti?"

"Ndimati mupume."

"Tinali pa funso lachisanu ndi chimodzi. Gawo loyamba ndapeza 7, lachiwiri sitinalimalize. Munthu sungamusiye pakati pa njira chifukwa choti ena anamupeza kale." Anakonza pilo, natembenuka. "Muuzeni mwanayo atipangire tiyi. Ndipo muziwerenga pang'onopang'ono, mlamu. Mano atatha m'kamwamo mwayamba kumeza zizindikiro."

Ndinaika chipewa pansi, ndinafunafuna tsamba lachitatu, n'kuyambiranso funsolo.